Katundu amene waya wasenza amamveka m'kaliridwe kake

Tengani mtengo wowongoka wotalika mamita 2, wolemera makilogalamu 10, muupachike chopingasa kumtanda wa denga la shedi ndi mawaya awiri ofanana, wina kunsonga iyi, wina kunsonga inayo. Waya aliyense atalike mita imodzi. Kenaka kolekani thumba la mapira la makilogalamu 50 pamtengopo, osati pakati, koma theka la mita kuchokera kunsonga ya kumanzere. Zonse zikakhala bata, kokani waya aliyense pang'ono ndi chala n'kumusiya. Ndi uti amene atulutse mawu okwera, ndipo asiyana motani ndi mnzake?

Funso lotere limagwetsa ophunzira ambiri a fizikisi, ngakhale amene masamu sawavuta, ndipo amene akupita kukachita za uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST sangalizembe. Ine ndimaona kuti gwero la vutoli ndi limodzi. M'kope mwawo nkhani ya mphamvu ndi ma moment ili koyambirira, ya mafunde ili kumapeto, ndipo mutu umazisunga m'zipinda ziwiri. Komatu waya ndi mmodzi. Kukungika kumene kukuletsa thumba kugwa ndi komweko kumene kumamubwezera waya pamalo pake mukamukoka. M'mabuku amakulemba ndi chilembo T. Gawo loyamba la funso limakupatsani T, gawo lachiwiri limagwiritsa ntchito T yemweyo, basi.

Tiyambe ndi mtengo. Chinthu chikakhala phee sindiye kuti palibe chimene chikuchikoka. Zokoka zilipo, koma zikuthetsana, monga mmene malamulo a Isaac Newton a mu 1687 amanenera. Kuthetsanako kuli pawiri. Mphamvu zokokera kumwamba zifanane ndi zokokera pansi, zokokera kumanja zifanane ndi zokokera kumanzere. Koma izi zokha sizikwanira, chifukwa mtengo ungathe kusakwera, kusatsika, koma n'kupendekeka. Ndiye pamafunikanso kuti zimene zikufuna kuutembenuzira uku zifanane ndi zimene zikufuna kuutembenuzira uko. Mphamvu yotembenuzayi ndiyo moment, ndipo timaipeza pochulukitsa mphamvu ndi mtunda wake kuchokera pamalo otembenukira. Anthu awiri akanyamula mbuzi yomangidwa pamtengo, amene mbuzi yamuyandikira ndiye phewa limamupweteka. Masamu a ma moment amangotiuza kuti likumupweteka mochuluka bwanji.

Musanalembe nambala iliyonse, jambulani mtengowo pawokha, popanda denga, popanda shedi, n'kuika mivi yosonyeza chilichonse chimene chikuukhudza. Pali mivi inayi: T1 kumanzere ndi T2 kumanja zoloza kumwamba, kulemera kwa mtengo koloza pansi pakati penipeni, ndi kulemera kwa thumba koloza pansi pamene lakolekedwa. Chithunzi ichi ambiri amachidumpha pothamangira nthawi, ndipo akatero kulemera kwa mtengo kumaiwalika. Makilogalamu asandutseni manyutoni (N), muyezo wa mphamvu, pochulukitsa ndi g, nambala ya kukoka kwa dziko, imene ndi 9.8 koma pano tiitenga ngati 10. Mtengo ndi 100 N, thumba ndi 500 N.

Lamulo loyamba likuti T1 + T2 = 600. Zosadziwika ndi ziwiri, choncho tikufuna chiganizo china. Apa pali ufulu umene ophunzira sakhulupirira msanga kuti ali nawo: malo otembenukira mumasankha nokha. Mtengo sukutembenuka pamalo ena aliwonse, choncho paliponse pamene mungasankhe ma moment athetsana. Wochenjera amasankha pamene pali mphamvu imene sakuidziwa, chifukwa mtunda wake umakhala 0 ndipo imachoka m'masamu. Tisankhe nsonga ya kumanzere. T2 ali pa mamita 2, kulemera kwa mtengo pa mita imodzi, thumba pa theka la mita. Ndiye 2 × T2 = 100 × 1 + 500 × 0.5 = 350. T2 ndi 175 N, ndipo T1 ndi 425 N. Mukafuna kutsimikiza, bwerezani kuchokera kunsonga ya kumanja: 2 × T1 = 100 × 1 + 500 × 1.5 = 850, yankho ndi 425 yemweyo.

Tsopano mafunde. Mukamenya waya wokungika, kupindika kumene mwapanga kumathamanga m'wayamo, ndipo liwiro lake ndi v = √(T/μ). Chilembo μ chikuimira makilogalamu a mita imodzi ya wayayo. Fomulayi si yofunika kungoiloweza, chifukwa maonekedwe ake ali ndi chifukwa. Kachigawo ka waya kakachoka pamzere, chimene chimakabweza ndi kukungika, choncho T akakula kamabwerera msanga. Chimene chimakachedwetsa ndi kulemera kwake komwe, choncho μ akakula kamachita ulesi. N'chifukwa chake T ali pamwamba, μ ali pansi. Nanga square root yachokera kuti? Yang'anani miyezo. Nyutoni ndi kg·m/s². Mukaigawa ndi kg/m mumatsala ndi m²/s², ndipo kuti likhale liwiro la m/s m'pofunika square root. Mukaiwala fomulayi m'chipinda cha mayeso, miyezo yokhayi ikhoza kukubwezerani.

Tinene kuti mawaya athu ndi achitsulo, onenepa mamilimita 2. Chitsulo chimalemera makilogalamu pafupifupi 7,850 pa cubic mita imodzi. Nkhope ya waya podulidwa ndi πr², ndipo r ndi theka la kunenepako, 0.001 m, zimene zikupereka 0.00000314 m². Kuchulukitsa ndi 7,850 kukupereka μ wa 0.025 kg/m, kapena kuti magalamu 25 pa mita. Samalani malo awiri. Mukaika kunenepa konse m'malo mwa theka lake, μ akula kanayi ndipo liwiro lituluka theka la loona. Ndipo μ amafuna makilogalamu, osati manyutoni. G ntchito yake idathera kumtengo kuja.

Kumanzere, v = √(425/0.025), pafupifupi mamita 130 pa sekondi. Kumanja, v = √(175/0.025), pafupifupi mamita 84 pa sekondi.

Waya wathu ndi womangidwa kumwamba ndi kumunsi, ndipo nsonga ziwirizo sizingasunthe. Funde likafika kunsonga limabwerera, n'kukumana ndi linzake limene likubwera, ndipo amene amapulumuka ndi mafunde okhawo amene akukwana bwino pakati pa nsonga ziwirizo. Lalitali kwambiri mwa iwo ndi lija limene theka lake lokha likudzaza waya yense: pakati pakugwedezeka kwambiri, kunsonga kuli zii. Utali wa waya tikautcha L, utali wa funde lathunthu ndiye ndi 2L. Frequency, kapena kuti maulendo amene waya akunjenjemera pa sekondi imodzi, ndi liwiro kugawa ndi utali wa funde: f = v/2L. Waya wa kumanzere akupereka 65 Hz, kutanthauza maulendo 65 pa sekondi, wa kumanja 42 Hz. Onse ndi mawu a besi, koma wosenza kwambiri ndiye wokwera. Pamwamba pa mawu amenewa waya amatulutsanso ena a 2f, 3f ndi kupitirira, ndipo kusakanikirana kwawo ndiko kumachititsa kuti waya wa gitala ndi wa bangwe amveke mosiyana ngakhale atachunidwa mofanana.

Pali msampha wina apa umene ndimauona kawirikawiri. Wophunzira amakumbukira kuti mawu amayenda mamita 340 pa sekondi, n'kuika nambala imeneyo mu f = v/2L. Ilo ndi liwiro la mawu mumpweya, si la funde la m'waya. Ndipo ngakhale mumpweyamo silikhazikika: masana a Okutobala ku Ngabu, kutentha kukafika madigiri 40, limayandikira mamita 355 pa sekondi. Chimene chimawoloka kuchoka m'waya kulowa mumpweya osasintha ndi frequency. Utali wa funde umasintha. Funde la 65 Hz limene m'waya ndi la mamita 2 limakhala la mamita oposa 5 likalowa mumpweya.

Onaninso kuti waya wa kumanzere wasenza kuwirikiza pafupifupi kawiri ndi theka, koma mawu ake akwera kuwirikiza ka 1.56 kokha. Square root ndi imene ikuchita zimenezi, ndipo olemba mayeso amakonda kutembenuza funso kuti aone ngati mwaimvetsa. Angafunse kuti: thumba likolekedwe pati kuti waya wa kumanzere anjenjemere kawiri pamene mnzake wanjenjemera kamodzi? Yambirani kumapeto. Kuti f iwirikize kawiri, T ayenera kuwirikiza kanayi. Zonse pamodzi zikadali 600 N, choncho T2 ndi 120 N, T1 ndi 480 N. Ma moment kuchokera kumanzere akuti 2 × 120 = 100 × 1 + 500x, ndipo x, mtunda wa thumba kuchokera kunsonga ya kumanzere, ndi mamita 0.28. Simudafunikire kudziwa μ kapena L, chifukwa mawaya ndi ofanana ndipo zimenezo zimachotsana. Muzolowere kulemba zilembo mpaka kumapeto musanayambe kudinadina kakyuleta.

Oimba bangwe a ku Nsanje ndi ku Chikwawa nkhaniyi amaidziwa ndi zala. Bangwe ndi thabwa limene waya amalowetsedwa m'mabowo kupita uku ndi kubwerera, ndipo pansi pa mzere uliwonse pamakhala kamtengo kakang'ono. Pochuna, woimba amasuntha timitengoti. Akutero akusintha L, ndipo njira imeneyi ndi yanzeru: kufupikitsa waya ndi theka kumawirikiza f kawiri, pamene kupeza zomwezo pokunga kungafune mphamvu yowirikiza kanayi, imene ingadule waya kapena kupinda thabwa. Wopanga babatoni akafuna mawu akuya amafuna chingwe chachitali ndi chonenepa, ndiye kuti L wamkulu ndi μ wamkulu. Anyamata opanga banjo ya chitini amasankha waya wopyapyala wa mabuleki a njinga pa mawu okwera. Malamulo atatuwa, a utali, kukungika ndi kulemera, adawalemba Marin Mersenne wa ku France mu 1636 atayesa ndi mawaya aatali kwambiri oti kunjenjemera kwawo ankatha kukuwerenga ndi maso.

Mpaka pano mawaya athu anali oimirira, ndipo T anali wosaposa katundu. Waya akagona chopingasa zinthu zimasintha kwambiri, ndipo apa ndi pamene nzeru zathu za tsiku ndi tsiku zimatinamiza.

Mangani chingwe pakati pa mitengo iwiri ya nimu yotalikirana mamita 10, mukoleke chigubu cha malita 20 pakati. Madziwo ndi makilogalamu 20, kapena 200 N. Chingwe chikupindika pakati, mbali iliyonse ikukoka chopendekeka. Kukoka kopendekeka timakugawa pawiri: gawo lopingasa, T cos θ, ndi gawo lokwera, T sin θ, pamene θ ndi ngodya ya pakati pa chingwe ndi mzere wopingasa. Magawo opingasa akuthetsana okha, wina kumanja wina kumanzere, ndipo sakunyamula kanthu. Onyamula chigubu ndi magawo okwera okha: 2T sin θ = 200. Chingwe chikalendewera mpaka θ kufika madigiri 30, T ndi 200 N. Chikatsika theka la mita lokha pakati, sin θ ndi pafupifupi 0.1 ndipo T ndi 1,000 N. Mukachikunga mpaka chitsike masentimita 10 okha, sin θ ndi 0.02 ndipo T ndi 5,000 N, ngati kuti mwapachika matumba khumi a chimanga pachingwe chimodzi, chonsecho chigubu ndi chomwechija. Kuti chingwe chiwongoke kotheratu pangafunike kuti sin θ akhale 0, ndipo palibe T amene angakwanitse. Chimaduka chisanafike.

Mukasokonezeka pa sin ndi cos, musalote. Ganizirani chingwe chogoneratu, θ ali 0. Gawo lokwera liyenera kukhala 0, ndipo amene amapereka 0 pamenepo ndi sin. Ngati funso layeza ngodya kuchokera kumzere woimirira, ziwirizi zimasinthana.

Kukula kwa T kumeneku kungathandizenso. Galimoto ikatitimira m'matope a makande nthawi ya dzinja, mangani chingwe cholimba kuchokera kugalimoto kukafika pamtengo wa msangu wa pa mamita 20, muchikunge ndithu, kenaka muchikankhe chammbali pakati. Munthu mmodzi wokankha ndi 400 N, chingwe chitapatuka theka la mita, akupanga T wa pafupifupi 4,000 N. Galimoto imasuntha pang'ono, mumaika mwala kumatayala, n'kukunganso. Koma chingwe cha mphamvu zotere chikaduka chimakwapula koopsa, choncho ana asayandikire.

Masamu omwewa ndi amene ali pa waya uja amachoka pamwamba pa polo ya magetsi kukalowa m'nthaka, pamene mzere wathera kapena wakhota. Tinene kuti mawaya a magetsi akukoka nsonga ya polo chopingasa ndi 3,000 N. Waya wogwiriza akapanga madigiri 45 ndi nthaka, gawo lake lopingasa liyenera kukhala 3,000 N, choncho T ndi pafupifupi 4,240 N. Mukamukhomera pafupi ndi polo posowa malo, ngodya n'kufika madigiri 60, T amakwera kufika 6,000 N. Mphamvu yonseyo ikuthera pa chitsulo chokwiriridwa m'dothi. Kuno kuchigwa, kumene madzi a Shire, Ruo ndi Mwanza amasefukira n'kukhala masiku m'minda monga zidachitikira ndi namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, dothi likafewa chitsulocho chimazuka, ndipo polo imagwa waya asanaduke n'komwe.

Gawo limene limandisangalatsa koposa ndi la waya amene sanasenze kanthu koma kulemera kwake komwe, ngati mawaya a ESCOM amene amatsata msewu wa M1 kuchokera pa Thabwa kudutsa Nchalo mpaka Bangula. Palibe ndi mmodzi yemwe wowongoka. Kodi amatsika motani pakati? Dulani waya m'maganizo pamalo otsikitsitsa, mutenge theka lake. Pamalo odulawo T akukoka chopingasa, ali pa mtunda d kunsi kwa nsonga ya polo. L akakhala mtunda wa pakati pa mapolo, theka la waya likulemera μgL/2, ndipo kulemerako kuli pa mtunda L/4 kuchokera papolo. Ma moment pansonga ya polo akuti T × d = μgL/2 × L/4, ndiye d = μgL²/8T. Pa mapolo otalikirana mamita 100, waya wa 0.3 kg/m wokungika ndi 3,000 N amatsika pafupifupi mamita 1.2.

Tsopano menyani wayayo pafupi ndi polo imodzi. Funde lithamanga kukafika kupolo inayo n'kubwerera, ndipo nthawi ya ulendowo ndi t = 2L/v. Ikani v = √(T/μ), muchulukitse t ndi t yemwe: t² = 4L²μ/T. Yang'anani bwino. Gulu la zilembo L²μ/T lili m'fomula ya d, lilinso m'fomula ya t². Mukachotsa gululo mumatsala ndi d = gt²/32, kapena kuti, g tikaitenga ngati 9.8, d ndi pafupifupi 0.306 kuchulukitsa t². Utali wachoka, kulemera kwa waya kwachoka, T yemwe wachoka. Kaya waya ndi wachitsulo, wamkuwa kapena wa aluminiyamu, kaya mapolo atalikirana mamita 40 kapena 200, funde likatenga masekondi 2 kupita ndi kubwera ndiye kuti wayayo watsika mamita 1.2. Amisiri omanga mizere ya magetsi m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito njira imeneyi pa waya watsopano asanamulowetse magetsi. Amawerenga maulendo atatu kapena asanu ndi wotchi, n'kugawa nthawiyo, chifukwa chala chimachedwa kudina ndipo kulakwitsa pang'ono pa t kumawirikiza pa t². Inu musayese pa waya wa magetsi, ngakhale ataoneka kuti wazima kapena wagwa pansi. Yesani pa chingwe chachitali chomangidwa pakati pa mapolo a zigoli pabwalo la mpira, wina akumenya, wina atagwira chingwe ndi chala kuti amve funde likabwerera, wina ali ndi wotchi ya pafoni.

Mafomula onsewa amaganiza kuti waya ndi wofewa ngati ulusi ndipo watsika pang'ono poyerekeza ndi utali wake. Waya wachitsulo wamfupi ndi wonenepa, ngati wa pathumba la mapira uja, ali ndi kuuma kwake kumene kumakweza mawu pang'ono kuposa zimene taŵerengera, choncho mukayesa musadabwe 65 Hz ikatuluka 68.

Chimene sitingachinyalanyaze kuno ndi kutentha. Aluminiyamu amatalika ndi magawo 23 pa miliyoni iliyonse pa digiri imodzi, chitsulo ndi magawo pafupifupi 12. Waya wolendewera ndi wotalika kuposa mtunda wa pakati pa mapolo ndi pafupifupi 8d²/3L, ndipo pa chitsanzo chathu cha mamita 100 ndi d wa 1.2 kusiyanako ndi masentimita osakwana 4. Kuchokera mmawa wa Juni pa madigiri 15 kufika masana a Okutobala pa madigiri 40, waya wa aluminiyamu amatalika ndi 100 × 0.000023 × 25, pafupifupi masentimita 6. Zikuoneka zochepa, koma zawonjezeka pa masentimita 4 aja kukhala pafupifupi 10. Mukabwezera mufomula, d akukwera kuchoka pa mamita 1.2 kufika pa 1.9, ndipo T akutsika kuchoka pa 3,000 N kufika pafupi ndi 1,900 N. Zenizeni zimachepera pamenepa, chifukwa T akatsika waya amakhwinyata pang'ono ngati sipuling'i, koma mbali inayi waya wa padzuwa amene akudutsamo magetsi amatentha kuposa mpweya womuzungulira. Pamene mathirakita osenza nzimbe amadutsa kunsi kwa mawaya ku Nchalo, theka la mita ndi nkhani ya moyo wa munthu.

Mbali inayo ndi yoopsanso. Waya amene wakungidwa kwambiri m'chilimwe amafupika m'nyengo yozizira, ndipo popeza analibe wotsala woti abweze, T amakwera n'kukoka mapolo ndi mawaya ogwiriza aja. Wotchi imaziona zonsezi: waya yemweyo amene funde lake limabwerera pa masekondi 2 mu Juni angatenge masekondi oyandikira 2.5 mu Okutobala. N'chifukwa chake mmisiri poyeza amalemba nthawi ndi kutentha kwa tsikulo pamzere umodzi, ndipo tebulo limene amatsata pokunga waya limapereka d wosiyana pa kutentha kulikonse.